Reverb yakale ya mavalavu ndi masipuling'i: komwe inachokera, mmene mungaiyesere ndi kuisamalira

Anzanga oimba gitala yamagetsi, ngati mwapeza kabokosi kakale ka reverb, kaja kopatsa mawu mchira ngati mukuimbira m'chipinda chachikulu, kokhala ndi mavalavu atatu (timababu tagalasi tokweza mawu) komanso thanki ya masipuling'i mkati, musathamangire kukalumikiza kumagetsi, komanso musathamangire kukatsegula nkuyamba kuchotsa zinthu. Yambani mwadziwa kaye kuti chinthuchi chinapangidwa bwanji ndiponso chifukwa chake chimalira mmene chimaliriramo, chifukwa ambiri amene anaononga mabokosiwa anali ndi mtima wabwino ndithu, amafuna kukonza, koma samadziwa kuti chimene akuchotsacho ndi chomwe chimabweretsa kukoma konse.

Nkhani yake sinayambire pa gitala olo pang'ono. Inayambira pa ogani. Laurens Hammond anatulutsa ogani yake yamagetsi mu 1935 ku Chicago, ndiye anthu amene anazolowera ogani ya mapaipi m'tchalitchi chachikulu atamva yamagetsiyi m'chipinda chokhala ndi makatani ndi kapeti anaona kuti mawu ake ndi ouma, ukangochotsa chala mawu athera pomwepo. Ku Bell Labs, malo ofufuzira za lamya ku America, anali atayesapo kale kudutsitsa mawu mu sipuling'i pofuna kutsanzira kuchedwa kwa mawu pa lamya za mtunda wautali, ndipo Hammond anatenga nzeru imeneyo nkuigwiritsa ntchito pa nyimbo. Chiphaso cha umwini wa lusoli chinatuluka mu 1941. Zoyambirirazo zinali zimphona, masipuling'i ataliatali oimirira, ena omizidwa m'mapaipi a mafuta kuti asamanjenjemere mopyola, ndipo zimakhala mkati mwa kabati ya sipika. Palibe woimba gitala akananyamula zimenezo kupita nazo ku dansi. Mu 1959 kunabwera mtundu wina wa masipuling'i olendewera, wocheperako koma wosachedwa kuchita phokoso ukagwedezeka. Kenako mu 1960 injiniya wa Hammond, Alan Young, anamaliza kathanki kotchedwa Type 4, kachitsulo kotalika pafupifupi masentimita 43, ndipo nkomweko kamene tikukagwiritsabe ntchito mpaka lero osasintha kwenikweni.

Leo Fender ku Fullerton, California, anagula mathankiwa kwa Hammond ndipo mu 1961 anatulutsa Fender Reverb, imene amisiri amaitchula ndi nambala ya seketi yake, 6G15. Dick Dale, woimba gitala wotchuka pa nyimbo za surf, ankanena kuti poyamba amafuna reverb chifukwa cha mawu ake poimba pakamwa, gitala inabwera pambuyo, koma italowa gitalayo basi nyimbo za surf zaku California zinapeza mawu ake. Sikuti Fender anali yekha ayi. Ampeg inatulutsa amplifaya ya Reverberocket mu 1961 yokhala ndi reverb mkati momwemo, Fender asanatero. Kunalinso Premier 90, kabokosi ka Danelectro, ndi zina za Gibson. Fisher inapanga Spacexpander ya mawailesi a m'nyumba, yomwe pambuyo pake inakatchuka ku Jamaica m'manja mwa King Tubby, katswiri wosakaniza mawu, pa nyimbo za dub. Fender nayo inaika reverb mkati mwa amplifaya koyamba mu 1963 pa Vibroverb, kenako Twin Reverb ndi Deluxe Reverb, ndiye anthu anayamba kuona kuti kabokosi kapadera nkolemetsa chabe. Kampani ya CBS inagula Fender mu 1965, ndipo 6G15 inasiya kupangidwa cha mu 1966. Inadzabwereranso mwa mtundu wina kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 kwa kanthawi kochepa, kenako mu 1994 anatulutsanso yotsanzira 6G15 ya 1963.

Tsopano apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse bwinobwino, chifukwa china chilichonse chimene mungachite pa bokosili chikudalira apa. Mawu a gitala akalowa amagawika pawiri. Njira imodzi ndi ya mawu ouma, imadutsa pa theka la valavu ya 12AX7 nkupita kotulukira osakhudzidwa kwenikweni. Njira inayo imadutsa pa 12AT7 kuti ikwezedwe, pamenepo pali nobu ya Dwell, kenako imalowa mu 6K6GT yomwe ndi valavu yamphamvu, ya mtundu umene umatha kuyendetsa sipika, kenako kathiransifoma kakang'ono, kenako thanki. Mu thankimo kakoyilo kamapotokola nsonga ya sipuling'i, kunjenjemerako kumayenda mpaka mbali inayo, china chimatengedwa ndi koyilo yachiwiri, china chimabwerera mmbuyo nkubweranso, kubwerera nkubweranso mpaka kuzilala. Masipuling'i ake ndi osiyana dala kuti kubwerezaku kusamafike nthawi imodzi. Mawu otuluka mu thanki amakhala ofooka kwambiri ndiye theka lina la 12AX7 limawadzutsa, amadutsa pa Tone, nkukakumana ndi ouma aja pa Mixer. Ndiye kusiyana kwake ndi reverb ya mkati mwa Twin kapena Deluxe nkwakuti mmenemo masipuling'i amayendetsedwa ndi 12AT7 yokha ndipo muli ndi nobu imodzi basi, pomwe mu kabokosi kapadera masipuling'i amamenyedwa mwamphamvu ndi 6K6GT, ndiponso zonsezi zimachitika mawu asanafike mu amplifaya. Nchifukwa chake mukatsamiza chikhatho pa nsambo nkukhwatcha mumamva kaphokoso kaja kokhala ngati dontho la madzi lagwera m'chitsime chakuya. Ine ndimaona kuti amene akufunafuna mawu amenewa mu reverb ya mkati mwa amplifaya akungodzitopetsa, yamkatiyo ndi yokoma ndithu koma ndi chinthu china.

Kudziwa zaka zake

Musakhulupirire maonekedwe akunja okha chifukwa chikopa chokutira chimasinthidwa. Zoyambirira zinali zofiirira kapena zoyererako, zakuda zinabwera cha mu 1963 kupita mu 1964. Suzumirani mkati mwa kabati, pamakhala kapepala komata kosonyeza malo a mavalavu, ndipo nthawi zambiri pamakhala zilembo ziwiri zodindidwa ndi inki. Choyamba ndi chaka, K ndi 1961, L ndi 1962, M ndi 1963, N ndi 1964, O ndi 1965, P ndi 1966. Chachiwiri ndi mwezi, A kukhala Januwale mpaka L kukhala Disembala. Ndiye mukaona MC ndiye kuti Malichi 1963. Kapepalako kakhala kuti kanang'ambika, onani manambala a pa mathiransifoma ndi kuseri kwa manobu. Manambala atatu oyamba amanena kampani, 606 ndi Schumacher, 137 ndi CTS, 304 ndi Stackpole, otsatirawo amanena chaka ndi sabata. Zonsezi zikuyenera kugwirizana, kusiyana kwa miyezi ingapo sivuto chifukwa zipangizo zimakhala kaye m'sitolo ya fakitale, koma thiransifoma ya 1978 mu bokosi la 1962 ikukuuzani kuti munthu wina analowamo kale. Si mlandu, bola mudziwe musanalipire. Pa thanki pakalembedwa Hammond kapena Gibbs ndi zanthawi imeneyo, dzina la Accutronics linadzafala pambuyo pake. Ndipo ya 1994 ija simungaisokoneze mukangoona mkati, ili ndi bolodi yosindikiza pomwe yakale ili ndi bolodi ya timphete tachitsulo ndi mawaya okutidwa ndi nsalu, komanso inabwera ndi 6V6 m'malo mwa 6K6GT.

Musanayatse

Choyamba magetsi. Zambiri mwa izi zinapangidwira magetsi aku America a mavolti pafupifupi 117. Ngati kwanuko magetsi ndi 220 mpaka 240 mukufunika thiransifoma yotsitsa magetsi, osayerekeza kungosintha pulagi, mutentha thiransifoma yamkati pa kamphindi ndipo imeneyo ndiye yovuta kupeza. Werengani zomwe zalembedwa kumbuyo kwa bokosi kaye.

Chachiwiri, ndipo apa ndikunenetsa. Mkati mwa chesisi muli mavolti pafupifupi 300, ndipo makapasita akuluakulu amasunga magetsiwo olo mwazimitsa nkuzula pulagi. Ngati simunaphunzire kuwakhuthula ndi kutsimikiza ndi mita kuti atha, musalowetsemo dzanja, pitani nalo kwa mmisiri wodziwa za mavalavu. Mabokosi akalewa anabweranso ndi chingwe cha mano awiri chopanda efu, ena ali ndi kapasita yolumikiza waya wa magetsi ndi chesisi, ikafa imeneyo magetsi amafika pa nsambo za gitala yanu, inu mutagwira, mlomo uli pa maikolofoni. Muuzeni mmisiri aike chingwe cha mano atatu ndi kuchotsa kapasita imeneyo. Pa nkhani iyi zoti tisunge mmene linalili kale zilibe ntchito, moyo ndi wofunika kuposa.

Bokosi lomwe lakhala zaka zambiri osayatsidwa limafuna kudzutsidwa pang'onopang'ono, amisiri amagwiritsa ntchito variac, thiransifoma yokwezera magetsi pang'onopang'ono, kapena kudutsitsa magetsi pa babu kuti ngati muli shoti babulo liwale m'malo moti china chipse. Makapasita a electrolytic amauma ndi zaka, amenewo asinthidwe basi, mukamva kung'ung'udza kosalekeza olo manobu onse ali pansi nthawi zambiri ndi iwowo. Koma makapasita ang'onoang'ono a buluu aja ndi marezisita akale musalole kuti angozulidwa onse chifukwa choti ndi akale. Ayesedwe limodzilimodzi, lomwe lafa lichoke, lamoyo likhale. Ndipo zochotsedwazo zisungeni m'kathumba, tsiku lina wogula adzazifunsa.

Kuyesa thanki

Izi mungathe kuchita nokha popanda kutsegula chesisi. Choyamba onani loko. Pa 6G15 thanki imalendewera pa timasipuling'i kuseri kwa thabwa lakutsogolo, ndipo pali kachitsulo komwe mukakakankha kamapanikiza thankiyo pa siponji kuti isagwedezeke paulendo. Ambiri amadandaula kuti reverb ndi yofooka pomwe loko ili yotseka. Tsegulani poimba, tsekani ponyamula, chizolowezi chimenechi chokha chimapulumutsa mathanki ambiri. Siponjiyo ikakhala kuti yayamba kunyenyeka ichotseni muike ina, tizidutswa take timakakamira pa masipuling'i nkupha mawu.

Tsopano yatsani, dikirani mavalavu atenthe, kwezani Mixer pang'ono, amplifaya ikhale yotsika, ndiye gwedezani bokosi pang'ono chabe. Mukamva chiphokoso cha masipuling'i akuombana ndiye kuti mbali yotulukira ili bwino, koyilo yachiwiri ndi 12AX7 zikugwira ntchito. Ngati chiphokosocho chilipo koma gitala siikumveka ndi reverb, vuto lili mbali yolowera, 12AT7, 6K6GT, kathiransifoma kaja kapena koyilo yoyamba. Ngati kuli zii olo mugwedeze bwanji, yambani ndi mbali yotulukira. Mwaona, mwagawa kale vuto pakati musanagwire sikuludiraiva.

Kenako zimitsani, zulani pulagi, chotsani zingwe ziwiri za RCA pa thanki, koma yambani mwaika chizindikiro kuti chiti chinali pati chifukwa mukazitembenuza reverb imafooka kwambiri ndipo mumayamba kufunafuna vuto lomwe kulibe. Ikani mita pa ma ohm. Polowera muyenera kupeza pafupifupi ohm imodzi, potulukira pafupifupi 200. Mita ikapanda kuwerenga kalikonse ndiye kuti waya waduka penapake, ndipo kawirikawiri ndi timawaya tating'ono tochoka pa soketi ya RCA kupita ku koyilo, timaduka chifukwa cha kugwedezeka kwa zaka zambiri ndipo munthu wa dzanja lokhazikika amatha kutiwotcherera. Musataye thanki yakale chifukwa cha kawaya kamodzi chonde. Masoketi a RCA nawonso amachita dzimbiri, apukuteni ndi mankhwala otsukira zolumikizira nkulowetsa ndi kutulutsa pulagi kangapo. Masipuling'iwo musawakoke, musawapake mafuta, musawagwiregwire ndi zala. Mukaona pakati pa sipuling'i iliyonse pali polumikiza musadabwe, sikuti inaduka nkukonzedwa, iliyonse ndi masipuling'i awiri olumikizidwa kuchokera ku fakitale.

Ikafa ndithu, pogula ina werengani nambala yake, si thanki iliyonse imene ingalowe. Tengani chitsanzo 4AB3C1B, yomwe imapezeka m'maamplifaya ambiri a Fender. 4 ndi mtundu wautali uja, A ndi ma ohm 8 polowera, B ndi ma ohm 2250 potulukira, 3 ndi kuzilala kwautali, C akutanthauza kuti polowera sipakhudzana ndi chitsulo cha thanki pomwe potulukira pamakhudzana, 1 ndiye kuti thankiyo payokha ilibe loko, ndipo chilembo chomaliza chimanena kakhalidwe kake, B ndi yogona chafufumimba. Kabokosi kapadera thanki yake imaima chammbali ndiye chilembo chomalizacho chimasintha, nthawi zambiri kukhala C. Anthu amachinyozera chilembochi koma timaginito ta pa nsonga za masipuling'i timaikidwa molingana ndi mbali imene kulemera kudzakokere, mukaika yolakwika timakhala topendekeka ndipo mawu amachepa. Musasokonezekenso poona kuti mita yawerenga 1 ndi 200 pomwe nambala ikunena 8 ndi 2250, mita imayesa waya chabe, manambala enawo amayesedwa mawu akudutsa.

Kulumikiza ndi kutchera manobu

Gitala ilowe mu reverb, reverb ilowe kutsogolo kwa amplifaya, ndi mmene linapangidwira. Ngati muli ndi fuzz kapena overdrive, timabokosi tokalipitsa mawu a gitala, ikani pakati pa gitala ndi reverb. Amplifaya ikhale yoyera kapena yongoyamba kukalipa pang'ono, chifukwa ikakalipa kwambiri imafinya mchira wonse wa reverb pamodzi ndi manotsi ndipo simumvanso chomwe mukuimba. Ena amakonda chisokonezo chimenecho ndipo pa nyimbo zina chimakhala bwino, koma muchite mwadala osati mwangozi. Chingwe chochoka pa reverb kupita ku amplifaya chikhale chachifupi, chachitali chimadya kuwala kwa mawu.

Oimba surf ambiri amayambira pa 6, 6, 6, manobu onse atatu pa sikisi, ndipo ndi poyambira pabwino koma musaime pamenepo. Ine ndingakulangizeni kuti muyambe ndi Mixer pa 3, Tone pa 5, Dwell pa 2, ndiye muziimba notsi imodzi yomweyo chikhatho chili pa nsambo mukukweza Dwell pang'onopang'ono. Mumva mchira ukutalika, kenako kudontha kuja kukuyamba, kenako penapake kupitirira 7 masipuling'i amayamba kudzaza ndipo mawu amasanduka chiphokoso chachitsulo. Bwererani mmbuyo pang'ono kuchoka pamenepo. Dwell sikuti imasintha kutalika kwa sipuling'i ayi, imangosintha mphamvu imene mukuimenyera, ndiye gitala ya mapikapu amphamvu imafuna Dwell yotsika kuposa ya mapikapu a koyilo imodzi. Tone imakhudza mawu a reverb okha, ouma aja siiwakhudza, mukaikweza kudontha kumaonekera, mukaitsitsa reverb imabisala kumbuyo kwa gitala ndipo pa nyimbo zodekha mpamene imakoma. Mixer ndiye yomaliza, ndipo dziwani kuti mukamaikweza ouma aja amachepa, ikafika kumapeto gitala imamveka ngati ili kutali kwambiri. Kachinsinsi kena, Dwell yokwera ndi Mixer yotsika sizifanana ndi Dwell yotsika ndi Mixer yokwera, yesani zonse ziwiri mumve nokha, yoyamba imalumpha pomwe yachiwiri imayandama.

Za 6K6GT ndi 6V6 anthu amakangana kwambiri. Miyendo yake ndi yofanana ndiye zimalowa pa soketi imodzi, ndipo ambiri amene ali ndi ya 1994 amaikamo 6K6GT yakale pofuna mawu ofewerapo. Ine ndili mbali ya 6K6GT, koma mmisiri aone kaye rezisita ya pa cathode kuti valavuyo isamatenthe mopyola. Valavu ina imene imavuta mwakachetechete ndi 12AX7, ikayamba kumva kugwedezeka imalira yokha, gogodani pang'ono ndi kamtengo bokosi lili loyaka, mukamva kulira kwa galasi mu sipika isintheni.

Pomaliza pake malo oikapo. Pamwamba pa amplifaya pamaoneka bwino pa chithunzi koma kunjenjemera kwa sipika kumalowa m'masipuling'i nkuyambitsa kulira kosalekeza, komanso thiransifoma yaikulu ya amplifaya imaponya kung'ung'udza mu koyilo yotulukira ya thanki. Likhazikeni pambali, pa mpando kapena pansi polimba, ndipo ngati likung'ung'udzabe lizunguzeni pang'onopang'ono mukumvetsera, pamakhala mbali ina pomwe phokoso limatsika. Pa siteji ya matabwa ikani siponji yokhuthala pansi pake chifukwa woimba ng'oma akangoponda mwamphamvu masipuling'i amaombana. Kung'ung'udza kwina kumabwera mukangoika chingwe cha mano atatu chija, chifukwa tsopano reverb ndi amplifaya zalumikizana ku efu kawiri, kudzera pa magetsi komanso pa chingwe cha mawu. Musathyole dzino la efu pofuna kuthetsa zimenezi. Yambani ndi kulumikiza zonse ziwiri pa adaputa imodzi, zikakanika ikani kathiransifoma kolekanitsa pa chingwe cha mawu, kapena mmisiri akonze kalumikizidwe ka efu mkati mwa bokosi mwa njira yotetezeka. Ndipo mukamaliza kuimba lisiyeni lizizire mphindi zingapo musanalinyamule, mutseke loko, ndipo m'galimoto likhale choimirira osati chogona.